Mphekesera zikamathamanga kuposa mliri: tigwirizane ndi yani, ndipo tiyambe liti?

Namwino Wausiku
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane mofatsa, osangoikapo kachizindikiro n'kudutsa. Mliri uliwonse umene ndagwirapo ntchito, wodwala amafika kuchipatala atamva kale nkhani ina. Wina wauzidwa kuti akalowa m'chipinda cha odwala mliri satulukamo wamoyo, wina kuti katemera amatseka mimba. Pofika kwa ine, nkhaniyo yadutsa kale kwa mlamu wake, kwa mnzake wopemphera naye, ndi pafoni. Ine ndimakhala wakhumi kulankhula naye, ndipo mwa khumi tonsefe ndine ndekha amene sandidziwa.

Mu Febuluwale 2020, mkulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, ananena ku Munich kuti dziko silikulimbana ndi mliri wa matenda wokha, koma ndi mliri wa mauthenganso. Chiyambire pamenepo aliyense akungoti tipange mgwirizano. Koma umene ndauona ine kawirikawiri ndi wakuti azaumoyo talemba uthenga wathu, kenako taitana mafumu, azibusa, mashehe ndi atolankhani kuti akaufalitse. Kodi umenewo n'kumati mgwirizano? Ngati ayi, weniweniwo umaoneka bwanji?

Wamakompyuta
Zikomo achemwali potsegula nkhaniyi. Ine ndiyambe ndi kumene ndimadziwako. Makampani a masamba a mchezo anachitapo kanthu ndithu. Mu Januwale 2019 WhatsApp inaika malire akuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha panthawi imodzi, ndipo mu Epulo 2020 inati uthenga umene wazungulira kwambiri uzipita kumalo amodzi basi. Mu Disembala 2020 ofesi ya WHO ya mu Africa inakhazikitsa mgwirizano wolimbana ndi mabodza a zaumoyo wotchedwa Africa Infodemic Response Alliance, momwe muli Africa CDC, UNICEF, UNESCO, bungwe la Red Cross ndi ofufuza zoona ngati Africa Check, PesaCheck ndi Dubawa. Mgwirizano wapamwamba ulipo.

Vuto lake ndi ili. Makina osefa mabodza amamva bwino zilankhulo zikuluzikulu komanso zolembedwa. Uthenga wa mawu wa mphindi zitatu, wojambulidwa m'chilankhulo cha anthu ochepa, wotumizidwa pagulu la pabanja, palibe makina akuumva. Mauthenga a pa WhatsApp ngotsekedwa, ngakhale eni kampani sangawawerenge. Amene angaumve ndi munthu amene ali m'gulumo basi.

Wapawailesi
Achimwene mwakhudza pabwino, koma ine ndili ndi dandaulo kwa azaumoyo, ndipo mayi Namwino mundikhululukire. Mphekesera ikabuka m'mawa, pofika masana omvera ayamba kale kuimba mafoni kuti tiwauze zoona. Ndimaimbira ofesi yoyenera, amandiuza kuti woyankhula za nkhaniyi ali kumsonkhano. Mawa lake akuti tikudikira chilolezo kwa akuluakulu. Tsiku lachitatu kukubwera chikalata cha masamba awiri, cholembedwa m'chilankhulo chimene omvera anga ambiri sachimva, chodzaza ndi mawu a kusukulu ya udokotala. Masiku atatu amenewo bodza lagona m'nyumba za anthu, ladya nawo, lakhala wachibale.

Sindikupempha zambiri. Ndikufuna nambala imodzi imene ikaimbidwa imayankhidwa, ndi munthu mmodzi wololedwa kunena kuti "izi tikuzidziwa, izi sitinazidziwe, tikuuzani mawa nthawi yakuti." Yankho lotero ndingaliulutse, ndipo anthu amalilandira. Chimene sindingaulutse ndi chete.

Namwino Wausiku
Palibe chokhululukira bambo, mwanena zoona. Ifenso apansi timaletsedwa kulankhula ndi atolankhani, ndiye timangoona bodza likukula pamene yankho lake tikulidziwa.

Mphunzitsi Wopuma
Ana anga, ine ndikuona kuti mukuzungulira. Munthu wofalitsa bodza loti anthu afe nalo ndi chigawenga. Amangidwe awiri atatu, ena onse aphunzirapo. Mu Sepitembala 2014 ku Womey m'dziko la Guinea anthu 8 anaphedwa, azaumoyo, akuluakulu a boma ndi atolankhani, atapita kukaphunzitsa za Ebola. Ku Butembo m'dziko la DR Congo, Dr Richard Mouzoko wa WHO anawomberedwa mu Epulo 2019 ali pantchito kuchipatala. Ndiye mukuti tikhale pansi tigwirizane ndi ndani?

Dokotala wa Ana
Agogo, opha anthu aweruzidwe, pamenepo palibe wotsutsa. Koma ndiloleni ndikukumbutseni za Kano, chifukwa nkhani imeneyo ndi imene inandisintha maganizo.

Mu 2003 maboma ena a kumpoto kwa Nigeria, Kano, Zamfara ndi Kaduna, anaimitsa katemera wa poliyo. Kunamveka kuti m'madonthowo mwaikidwa mankhwala oletsa kubereka komanso kachilombo ka HIV. Linali bodza. Koma amene ankalinena sanali anyamata obisala pafoni, anali atsogoleri achipembedzo ndi andale, ena mpaka madokotala. Mukanamanga ndani? Ndipo anthu a ku Kano anali ndi chilonda chawo. Mu 1996, nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala a Trovan mumzindawo pa kafukufuku wa ana pafupifupi 200, ndipo ana 11 anamwalira. Makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwino zimene zinkachitika. Kampaniyo inakana kulakwa, ndipo mlandu wake ndi boma la Kano unatha mu 2009 pogwirizana kunja kwa khoti. Tsono munthu amene anaona zimenezo, mukamuuza patapita zaka 7 kuti tsegula pakamwa pa mwana wako tidonthezemo mankhwala aulere, funso lake silopusa.

Kano inakana mpaka mu Julayi 2004, ndipo poliyo anadutsa malire n'kukafika m'mayiko pafupifupi 20, mpaka ku Yemen ndi ku Indonesia. Chinatsegula chitseko si apolisi. Katemerayo anapimidwa, nthumwi za okayikirawo zikuchita nawo, ndipo Kano inavomera katemera wopangidwa ku Indonesia, dziko la Asilamu ambiri, limene anthu analikhulupirira. Mu 2009 mafumu a kumpotoko, motsogozedwa ndi Sultan wa ku Sokoto, anapanga komiti yawo yoona za umoyo, ndipo ntchito ya katemera inakhala yawo. Pa 25 Ogasiti 2020 chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chathana ndi poliyo wachilengedwe, ngakhale kachilombo kochokera ku Pakistan kanadzaonekanso kummwera kwa Africa mu 2022. Anthu omwewo amene ankaoneka ngati chopinga ndi amene anadzasenza ntchitoyo.

Shehe
Adokotala, Mulungu akudalitseni pofotokoza bwino. Ndionjezerepo za maliro, popeza ndi pamene ife timakhudzidwa kwambiri. Ebola ya kumadzulo kwa Africa, kuyambira 2014 mpaka 2016, inagwira anthu oposa 28,000 ndipo oposa 11,000 anamwalira. Thupi la munthu womwalira ndi Ebola limapatsira kwambiri, ndiye azaumoyo anali ndi chifukwa chomveka choletsera kusambitsa maliro. Koma taganizani mmene zinkachitikira poyamba: anthu ovala zobisa nkhope afika, athira mankhwala, aika mayi anu m'thumba, anyamula, osapemphera, osakuuzani kumene akawaike. Mabanja anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro usiku. Ndipo pamene anthu sakuona ndi maso, mphekesera yoti akuba ziwalo imamera yokha, sifunika woifesa.

Mu Novembala 2014 WHO inatulutsa ndondomeko ya kuika maliro motetezeka komanso mwaulemu, imene inalembedwa pamodzi ndi Red Cross, World Council of Churches, Islamic Relief, Caritas ndi World Vision. M'menemo munalowa zimene akatswiri a matenda paokha sakanazidziwa: kuti m'Chisilamu muli njira yoyeretsera thupi popanda madzi pakakhala chifukwa, kuti nsalu yoyera ikhoza kukhalapo, kuti banja liime chapatali n'kupemphera, lione manda. Mashehe ndi azibusa sanapatsidwe pepala loti akawerenge. Anafunsidwa, ndipo yankho lawo linasintha kachitidwe ka ntchito. Mayi Namwino, funso lanu lija ine ndikuliyankha choncho: ngati zimene ndanena sizingasinthe kalikonse pa zimene mwakonza, ndiye kuti simunandiitane ngati mnzanu, mwandibwereka pakamwa.

Abusa
Ashehe mwalankhula ngati munali mumtima mwanga. Komabe ndisabise, ena mwa ife atsogoleri a mipingo tafalitsapo mabodza paguwa, ndipo anthu afa nazo. Nkhani zoti katemera ndi chizindikiro cha chilombo sizinachokere kuchipatala. Ndikawafunsa anzanga otere, ndimapeza kuti ambiri sanakhalepo pansi ndi dokotala n'kufunsa mafunso awo onse popanda kusekedwa. Anamva pavidiyo ya mlaliki wakutali, ndipo palibe wapafupi anawayankha.

Ine ndinaitanidwapo kumsonkhano wina mliri uli pakati. Tinakhala maola anayi tikumvera, nthawi ya mafunso inali mphindi khumi, kenako zithunzi. Lamlungu lotsatira mayi wina anandifunsa ngati woyamwitsa angabayitse, ndipo ndinalibe yankho ngakhale woti ndimuimbire. Mbusa akayankha kuti "sindikudziwa" kawiri katatu, nkhosa zimapita kwa amene akuoneka ngati akudziwa.

Mayi wa Atatu
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndilankhuleko chifukwa ine ndi mmodzi mwa amene mukuwakambawo. Katemera wa COVID-19 ndinamukana chaka chathunthu, ndipo mauthenga oopseza ndinatumizako kwa abale anga. Sindinkafuna kupha munthu, agogo. Ndinkaganiza kuti ndikuwapulumutsa. Uthengawo unachokera kwa mkulu wanga amene anandilera, ndipo unali ndi mawu a munthu wodzitcha dokotala.

Zikwangwani ndinkaziona, pawailesi ndinkamva, koma zonsezo zinkangoti katemera ngwabwino, pitani mukabayitse. Palibe chinkayankha funso langa, lakuti ndikadzafuna mwana wina zidzatheka kodi. Anandimasula ndi mlangizi wa zaumoyo amene anandiyeza mimba zanga zonse zitatu. Sanandinyoze. Anandifunsa chimene ndikuopa, anati zina akafunsa, ndipo anabweradi patapita masiku awiri ndi yankho. Anandiuzanso kuti mkono udzawawa ndipo mwina ndidzamva kuphwanya m'thupi tsiku limodzi kapena awiri. Zitachitikadi momwemo, ndinadziwa kuti munthuyu sandinamiza. Mukanandimanga, mkulu wanga ndi mbumba yonse akanati mwaona, akubisa kanthu.

Mphunzitsi Wopuma
Mwana wanga, zikomo chifukwa cha kulimba mtima. Iwe sindikanakumanga. Koma wodzitcha dokotala uja?

Wamakompyuta
Agogo, pamenepo ndiye pali kusiyana kumene tiyenera kukugwira. Opanga bodza mwadala ndi ochepa, ndipo ambiri pali chimene akugulitsa, kaya mankhwala, kaya dzina, kaya ndale. Otumiza ndi miyandamiyanda, ndipo ambiri ali ngati mayiwa. Woyambitsa angathe kulangidwa. Andrew Wakefield, amene mu 1998 analemba m'magazini ya The Lancet zogwirizanitsa katemera wa chikuku ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism, anachotsedwa m'kaundula wa madokotala ku Britain mu 2010, ndipo magaziniyo inachotsa nkhani yakeyo chaka chomwecho. Koma taonani, zinatenga zaka 12, ndipo bodzalo likuyendabe mpaka lero. Chilango chinagwira munthu, sichinagwire mphekesera.

Chinanso chondiopsa ndi lamulo lolembedwa mwachisawawa loletsa "nkhani zabodza". Li Wenliang, dokotala wa ku Wuhan amene anachenjeza anzake za matenda achilendo kumapeto kwa Disembala 2019, anaitanidwa ndi apolisi n'kudzudzulidwa kuti akufalitsa mphekesera. Anamwalira ndi matenda omwewo mu Febuluwale 2020. Lamulo lotere likakhalapo, namwino woona zachilendo m'wodi amayamba watseka pakamwa.

Mlangizi wa Zaumoyo
Pepani ndachedwa, ndinali kumudzi kosagwira netiweki. Mayi wa Atatu, mwandilimbitsa mtima, chifukwa ntchito yathuyi kawirikawiri sitidziwa ngati yaphula kanthu.

Ndikufuna ndikambe za kumvetsera, poti aliyense amakamba za kulankhula. Pa Ebola ya kummawa kwa DR Congo, kuyambira Ogasiti 2018 mpaka Juni 2020, anthu oposa 2,200 anamwalira. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet Infectious Diseases mu 2019 anapeza kuti mwa anthu amene anafunsidwa ku Beni ndi ku Butembo, mmodzi mwa anayi alionse ankakhulupirira kuti Ebola kulibe. Anthu odzipereka a Red Cross ankayenda khomo ndi khomo, ndipo kupatula kuphunzitsa ankalemba chilichonse chimene amva, kaya funso, kaya mphekesera, kaya dandaulo, kaya pempho. Zolembazo zinkasanjidwa mothandizana ndi bungwe loona za matenda la CDC la ku America n'kupita kwa otsogolera ntchito. Mwa zimene zinkamveka mobwerezabwereza ndi zoti m'matumba a maliro mulibe munthu, kapena thupi ladulidwa ziwalo. Yankho silinali chikwangwani chonena kuti limenelo ndi bodza. Anabweretsa matumba okhala ndi malo oonekera, kuti banja lione nkhope ya m'bale wawo. Bungwe la zachipatala la ALIMA nalonso linagwiritsa ntchito tizipinda ta pulasitiki yoonekera, kuti abale azimuona wodwala ndi kulankhula naye ali kunja.

Tsono kwa ife apansi, chimene chimatipweteka ndi ichi. Timalemba zimene tamva, timatumiza kumwamba, ndipo sikubwera kanthu. Mwezi wotsatira ukubwerera pakhomo lomwe lija, mayi akukufunsa kuti funso langa lija bwanji, iwe manja ali m'khosi. Ukatero kawiri, ulendo wachitatu sakuuzanso kanthu, ndipo khutu la azaumoyo m'deralo latsekeka. Kope lolembamo mphekesera lopanda njira yobweretsera mayankho ndi bwino kusaliyamba n'komwe.

Ndiponso tinene poyera: odzipereka amayenda wapansi, amagula okha mayunitsi, ndipo ndi amene amatukwanidwa kapena kugendedwa. Ndalama za mgwirizano zikamathera m'misonkhano ya m'mahotela, amene wanyamula katundu weniweni amatopa n'kusiya.

Wapawailesi
Mayi Mlangizi, kope lanulo ndi chuma kwa ine. Mutamandipatsa mafunso asanu amene mwamva kwambiri sabata imeneyo, popanda mayina a anthu, pulogalamu yanga ikhoza kumayankha zimene anthu akufunsadi, osati zimene ofesi ikuganiza kuti akufunsa. Koma ndifunse adokotala: ndikaulutsa mphekesera kuti ndiitsutse, sindikuifalitsa kodi? Pali omvera amene sanaimvepo, aimvera kwa ine.

Dokotala wa Ana
Funso labwino bambo. Si mphekesera iliyonse yoyenera kupita pawailesi. Ngati ili pagulu limodzi ndipo singavulaze munthu, ithereni komweko. Ikakhala kuti yafalikira kapena ingaphe, musazengereze. Mu Ogasiti 2014 ku Nigeria kunazungulira uthenga woti kusamba ndi kumwa madzi a mchere kumateteza ku Ebola, ndipo anthu ena anamwalira, ena anagonekedwa m'chipatala. Ku Iran mu 2020 anthu mazanamazana anafa atamwa methanol, mtundu wa mowa wapoizoni, pomwe kunkamveka kuti mowa umapha kachilombo ka korona. Zotere sizidikira mawa. Poulutsa, yambani ndi choona, bodzalo mulitchule kamodzi mutachenjeza kuti ndi bodza, fotokozani chifukwa chake silili loona, mutsirizenso ndi choona ndi chimene munthu achite. Mutu wa nkhani usakhale bodzalo, chifukwa ambiri amangomva mutu.

Koma pali china chimene ife azaumoyo chimativuta kuvomera. Nthawi zina mphekesera imamera pa cholakwa chathu chenicheni. Ku Samoa mu Julayi 2018 makanda awiri anamwalira atangobayidwa katemera wa chikuku. Katemerayo analibe vuto, anamwino anamusungunula ndi mankhwala olefula minofu m'malo mwa madzi ake. Boma linaimitsa katemerayo kwa miyezi yambiri, makolo anachita mantha, otsutsa katemera anapezerapo mpata, ndipo chiwerengero cha ana obayidwa chinatsika kufika pa 31 mwa 100 alionse. Chikuku chitabuka mu 2019 chinagwira anthu oposa 5,700 ndi kupha 83, ambiri ana osakwana zaka zisanu, m'dziko la anthu pafupifupi 200,000 okha. Mu Disembala chaka chimenecho boma linatseka ntchito masiku awiri, mabanja osabayitsa n'kumapachika nsalu yofiira pakhomo kuti azaumoyo awapeze.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti abusa, ashehe ndi atolankhani aziuzidwa zoipa zomwe, osati zabwino zokha. Mu Epulo 2021 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linanena kuti katemera wa AstraZeneca akhoza kuyambitsa kuundana kwa magazi kwa anthu ochepa kwambiri. Mtsogoleri amene tinamuuza kuti katemerayu alibe vuto lililonse, n'kudzamva zimenezi pafoni ya mwana wake, tamuchititsa manyazi pamaso pa anthu ake, ndipo sadzatiyankhuliranso. Chimodzimodzi za masiki: WHO inasintha malangizo ake mu Juni 2020. Kusintha sikunali kulakwa, umboni unawonjezeka. Koma tikanazolowera kunena kuyambira pachiyambi kuti izi ndi zimene tikudziwa lero ndipo zikhoza kusintha, anthu sakanamva ngati tawapusitsa.

Mdzukulu wa Sing'anga
Mwatchula mafumu, mipingo, wailesi ndi makampani. Asing'anga bwanji? Agogo anga anali sing'anga, ndipo ndinakula ndikuona anthu akufika kwa iwo usiku asanaganize n'komwe za chipatala. Mliri ukayamba, woyamba kuona odwala achilendo nthawi zambiri ndi iwowo, ndipo ndi amene amayamba kutenga matendawo. Ku Sierra Leone mu Meyi 2014, sing'anga wina wotchuka wa m'boma la Kailahun anamwalira ndi Ebola atathandiza odwala ochokera ku Guinea, ndipo WHO inalemba kuti imfa zofika 365 zinalumikizidwa ndi maliro ake. Akanakhala kuti wina anamufikira msanga n'kumuuza zizindikiro ndi kumene angatumize odwala otere, mwina nkhani ikanakhala ina. Koma kumisonkhano yanu saitanidwa, kapena amaitanidwa kuti akadzudzulidwe.

Dokotala wa Ana
Ndikuvomereza kuti aitanidwe, achimwene, koma ndiike malire poyera. Sindingaime pambali pa munthu amene akunena kuti ali ndi mankhwala ochiza Ebola kapena kolera, chifukwa kuima naye pamodzi anthu amakuona ngati ndavomereza. Chimene tingagwirizane n'chakuti adziwe zizindikiro, adziteteze, atumize wodwala msanga, ndipo akatumiza alandiridwe mwaulemu.

Mdzukulu wa Sing'anga
Mawu omalizawo ndi amene amasowa, adokotala. Wodwala akafika n'kunena kuti wanditumiza ndi sing'anga, amakalipiridwa kuti unachedwa kuti. Akabwerera amakamuuza sing'angayo, ndipo ulendo wina satumizanso. Malire anuwo ambiri angawalandire, bola chipongwe chithe.

Namwino Wausiku
Apa ndiye pandikhudza ineyo, chifukwa mawu amenewo ndawamvapo m'wodi, ndipo si kamodzi. Ndikayamba ndi anzanga a usiku.

Abusa
Ndifunseko za andale, poti palibe wawatchula bwinobwino. Alowe mumgwirizanowu kapena ayi?

Wapawailesi
Abusa, kuwasiya kunja sikutheka, ndalama ndi malamulo zili m'manja mwawo. Koma nkhope ya uthenga asakhale iwo okha, chifukwa theka la anthu limakana chilichonse chochokera ku chipani chimene sachifuna. Ku DR Congo mu Disembala 2018, anthu a ku Beni ndi ku Butembo analetsedwa kuvota nawo pa chisankho cha pulezidenti, chifukwa chake akuti Ebola. Madera amenewo ankadziwika kuti ngotsutsa boma. Kwa munthu amene ankakayika kale, umenewo unakhala umboni woti matendawa ndi ndale, ndipo mu Febuluwale 2019 malo othandizira odwala a bungwe la madokotala la MSF ku Katwa ndi ku Butembo anaukiridwa ndi kutenthedwa. Ngati pali wa boma pa tebulo, pakhalenso wotsutsa, anene chimodzimodzi tsiku limodzi.

Wamakompyuta
Ndipo pali ena osayenera kuyandikira n'komwe ntchito ya zaumoyo. Mu 2011 bungwe la akazitape a ku America la CIA linagwiritsa ntchito kampeni yonamizira ya katemera wa matenda a chiwindi ku Abbottabad m'dziko la Pakistan pofunafuna Osama bin Laden. Zitaululika, aliyense amene ankanena kuti opereka katemera ndi akazitape anapeza pogwira, ndipo kuyambira mu Disembala 2012 ogwira ntchito ya katemera wa poliyo ambiri anaphedwa m'dzikomo. Mu 2014 boma la America linalonjeza kuti silidzachitanso zotero, koma madzi anali atatayika kale. Kope la mayi Mlangizi lija nalonso lisadzafike m'manja mwa apolisi ndi mayina a anthu. Likadzangotero kamodzi, palibe adzalankhulenso.

Mphunzitsi Wopuma
Ndamva ana anga. Pa wogulitsa mankhwala abodza mliri uli mkati sindisintha, ameneyo lamulo limugwire. Koma za mayi uja ndi mkulu wake ndagonja. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano n'chakuti zonse mwatchulazi, Kano, Guinea, Congo, anthu anayamba kumverana maliro atachuluka kale. Ine ndaphunzitsa zaka 34, ndipo sindikumbuka tsiku limene wazaumoyo anabwera kusukulu kulibe mliri, kudzangocheza ndi aphunzitsi kuti tidziwane. Ankabwera ndi jakisoni m'manja, ana n'kuthawira pawindo, ife aphunzitsi osadziwa choyankha makolo.

Shehe
Bambo, mwafika pa mutu weniweni. Munthu amene ndamuona koyamba tsiku la tsoka ndimamuyesa mlendo, ngakhale anene zoona. Amene takhala tikuonana pa nkhani zing'onozing'ono, za malungo, za sikelo ya ana, za madzi akumwa, akadzabwera ndi nkhani yovuta ndimutsegulira chitseko, ndipo ndikhoza kumutsutsa popanda kudana.

Namwino Wausiku
Tsono tisangothera pokamba. Pagulu pano tilipo namwino, dokotala, mlangizi, wawailesi, abusa, ashehe, aphunzitsi, wodziwa za intaneti ndi wodziwana ndi asing'anga, ndipo panopa kulibe mliri wotithamangitsa. Ndikupempha kuti tiyambe ndi matenda amene tili nawo kale. Aliyense akamva mphekesera ya zaumoyo aziibweretsa pano, osatchula dzina la woinena, ndipo osaitumiza mmene ilili kuti ingafalikirenso, angoifotokoza m'mawu ake. Adokotala ndi ine tiziyankha pasanathe tsiku, ndipo chimene sitikuchidziwa tizinena kuti tikukafunsa. Bambo a pawailesi azitenga zimene zabwera kawirikawiri. Abusa, ashehe ndi achimwene a kwa sing'anga, yankho lathu musanalitenge muzitiuza ngati lingamveke kwa anthu anu, ndipo mukati ayi tizilikonza.

Mlangizi wa Zaumoyo
Ndavomera, koma ndi pempho limodzi. Mayankho azibwera ngati uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi, chifukwa ambiri amene ndimawayendera sawerenga, ndipo bodza limawafika ndi mawu. Ndipo pakhale wotenga malo adokotala akakhala kutchuthi kapena ku opaleshoni, kuti lonjezo la tsiku limodzilo lisafe mwezi woyamba.

Dokotala wa Ana
Za wotenga malo ndilankhula ndi mnzanga mawa. Kujambula mawu sindinazolowere, ndimatalikitsa, ndiye bambo a pawailesi mundithandize kudula.

Wapawailesi
Tumizani, ndidula.

Mayi wa Atatu
Ndiye ndiyambe ine. Pagulu lathu la pabanja pafika uthenga dzulo woti mwana akabayidwa akatemera awiri tsiku limodzi thupi lake limafooka, ndipo mng'ono wanga ali ndi khanda loyenera kupita kusikelo Lachinayi. Akuti sapita. Wautumiza ndi mkulu wanga yemwe uja, ndiye yankho lake likhale loti ndingamutumizire iyenso osamuchititsa manyazi.